Mlendo ndi Kalumo Kake: Kusanthula Masewera a Jagged Alliance 2

Pamsika wa pa Chonde, monganso pamisika ina yambiri m'dziko muno, sipasowa amuna ozungulira bawo. Munthu akaima pambali namvetsera amapeza kuti chiyankhulo cha masewerawa ndi cha nkhondo: uyu wadya nkhomo za mnzake, uyo akuteteza nyumba yake, winayo wagonja chifukwa mzere wake wakutsogolo watha. Komabe bawo sanena kuti nkhondoyo ndi ya yani, kapena kuti yabuka chifukwa chiyani. Masewera ambiri a pakompyuta ndi osiyana ndi bawo pamenepa. Iwo amakhala ndi ampangankhani, malo, nthawi ndi tsatanetsatane wa nkhani, monga momwe buku la nthano kapena sewero la zisudzo likhalira. Pachifukwa ichi ndi oyenera kusanthulidwa monga tisanthulira zolemba zina zonse, pofunsa zimene akunena za munthu ndi dziko, ndiponso ngati zimene akunenazo zili zoona.

Masewera amene tiwaone pano ndi Jagged Alliance 2, amene adatuluka m'chaka cha 1999 kuchokera ku kampani ya Sir-Tech ya ku Canada. Chaka chimenecho n'chomwe wailesi ya kanema ya boma idayamba kuonetsa zithunzi kuno kwathu, ndipo makompyuta adali m'maofesi owerengeka. Lero masewerawa ndi akale, zithunzi zake n'zosaoneka bwino poyerekeza ndi za pafoni, koma akadali ndi owakonda m'maiko ambiri, ndipo ena mwa iwo akhala akuwakonzanso ndi kuwaonjezera kwa zaka zoposa 20. Chimene chatikopa ife ndi mutu wake: kugwetsa ulamuliro wankhanza. Mutu umenewu Amalawi sitiumva kwa anthu ena. Tidaudutsa tokha.

Nkhani yake ikuchitikira m'dziko longopeka lotchedwa Arulco. Enrico Chivaldori, mwana wa mfumu ya dzikolo, adakwatira mkazi wachilendo dzina lake Deidranna. Mkaziyu adapha apongozi ake ndi poizoni, mlandu nauponyera mwamuna wake, kenaka iye n'kukhala pampando. Enrico adathawira kunja, anthu akuyesa kuti adafa. Patapita zaka, dziko litadzaza ndi njala, ndende ndi asilikali, Enrico akulemba ntchito wosewera kuti akachotse mfumukaziyo. Wosewerayo akulemba asilikali aganyu ku bungwe lotchedwa A.I.M., nawatumiza pa helikopita kumudzi wa Omerta, kumene otsala ochepa a gulu loukira boma, motsogozedwa ndi Miguel Cordona, abisala m'chipinda cha pansi pa nthaka. Kuchokera pamenepo ntchito ndi yolanda matauni motsatizana: Drassen kumene kuli bwalo la ndege ndi mgodi, Cambria kumene kuli chipatala, Alma kumene kuli malo aakulu a asilikali, mpaka kukafika ku Meduna, likulu la dziko, kumene Deidranna ayenera kuphedwa.

Tiyambe ndi zimene opanga masewerawa adachita bwino, pakuti n'zambiri. Luso lawo lalikulu lili pa ampangankhani. Asilikali aganyuwa si zidole zofanana nkhope. Aliyense ali ndi mawu ake, mantha ake, anzake ndi adani ake. Wina ngati Ivan Dolvich amasakaniza Chirasha m'zoyankhula zake. Wina amakana kugwira ntchito limodzi ndi munthu amene amadana naye. Wina amanyinyirika akaona kuti anzake akufa mosasamala, ndipo pangano lake likatha savomera kulembedwanso. Msilikali akavulala amafuna dokotala ndi masiku ochira. Akatopa amafuna tulo. Akafa wafa, ndipo mnzake wapamtima amamudandaula. Nkhondo yeniyeniyo imaseweredwa mosinthana ngati bawo: aliyense ali ndi mphamvu zowerengeka pa nthawi yake, zoti athamangire, agwadire kapena aombere, ndipo zikatha ayenera kudikira kuti mdani naye ayende. Wopupuluma sachedwa kuika maliro. Pambali imeneyi masewerawa amaphunzitsa kuleza mtima, kuwerengetsera ndi kusamala moyo wa munthu amene uli naye, zinthu zimene masewera ambiri owomberana saziganizira n'komwe.

Palinso tinkhani ting'onoting'ono tokhudza mtima. Oukira boma ku Omerta sapempha mfuti poyamba. Amapempha chakudya, ndipo wosewera ayenera kukafuna wansembe wina ku Drassen, Bambo Walker, kuti awathandize. M'tauni yomweyo muli mayi wina amene akugwiritsa ntchito ana aang'ono m'fakitale yake, ndipo wosewera angathe kumuyankhula mpaka atasiya, kapena kumupha. Ku Tixa kuli ndende ya anthu amene sadaimepo pamaso pa woweruza. Nthawi ndi nthawi timaonetsedwa Deidranna ali m'nyumba yake yachifumu, nduna yake Elliot ikubwera monjenjemera kudzamuuza kuti tauni ina yalandidwa, iye n'kuiomba mbama. Zimenezi adazilemba kuti tiseke, koma muli choonadi: wolamulira wankhanza amazunguliridwa ndi anthu oopa kumuuza zoipa, ndipo potsiriza iye ndiye amakhala womaliza kudziwa za dziko lake.

Choonadi china, chimene mwina opangawo sadafune kuti chioneke chowawa chotere, chili pa ndalama. Asilikali aganyu amalipidwa pa tsiku, pa sabata kapena pa masabata awiri, ndipo ndalama za Enrico sizichedwa kutha. Choncho wosewera aliyense amaphunzira msanga kuti chinthu choyamba kulanda si chipatala kapena ndende, koma mgodi. Siliva ndi golide wa Arulco ndiye amalipira alendo odzamasula Arulco. Izi zidachitikadi mu Afirika muno. M'chaka cha 1995 boma la Sierra Leone lidalemba kampani ya asilikali aganyu ya ku South Africa yotchedwa Executive Outcomes, ndipo madera a migodi ya diamondi adali m'gulu la malo oyamba amene iwo adathamangirako. Mfalansa Bob Denard adachotsa ndi kuika atsogoleri pazilumba za Comoros kangapo kuyambira 1975 mpaka 1995. M'chaka cha 2004 Simon Mann ndi gulu lake adagwidwa pabwalo la ndege la ku Harare ali paulendo wokagwetsa boma la Equatorial Guinea, dziko la mafuta. Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene adapita kudziko lopanda chuma chokumba kapena phindu lina loti adyepo.

Apa m'pamene payambira vuto lathu ndi masewerawa. Tauni iliyonse ya Arulco ili ndi nambala yosonyeza kukhulupirika kwa anthu ake kwa wosewera. Ukapambana nkhondo kapena ukathandiza munthu wa m'tauniyo, nambalayo imakwera; ukapha munthu wamba kapena ukathawa adani, imatsika. Nanga phindu la nambalayi n'chiyani? Ikakwera, mgodi umatulutsa ndalama zambiri. Ikachepera 20 mwa 100, anthu amakana kuphunzitsidwa usilikali woti azilondera tauniyo iwe ukachoka. Kunena mosabisa, anthu a ku Arulco, kupatula ochepa amene amalowa m'gulu lako, ali m'masewerawa kuti akumbe ndi kulondera. Safunsidwa za dziko limene akulifuna. Mawu akuti kukhulupirika ayenera kumuimitsa Mmalawi aliyense wodziwa mbiri, chifukwa adali amodzi mwa ngodya zinayi za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Nthawi imeneyo kukhulupirika kunkayesedwanso ndi chinthu chowerengeka, ndicho khadi la chipani. Pachipata cha msika kapena pokwera basi pankaima ayufi, ndipo wopanda khadi sankalowa, ngakhale atasenza nthochi kapena nanazi kuchokera kutali. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa m'chaka cha 1967, adamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula kapepala kameneka. Ndiye tikaona kuti womasula wa m'masewerawa akuyesa anthu ndi muyeso womwewo umene wopondereza amayesera, tiyenera kufunsa kuti kusiyana kwawo kuli pati, kupatula kuti wina ndi ife amene tagwira kompyuta.

Chofooka chachiwiri chili pa ukazitape. Nkhani ya kugwetsa boma lankhanza siingathe popanda akazitape, koma ku Arulco mdani amadziwika. Amavala yunifolomu, amanyamula mfuti, ndipo kompyuta imamuonetsa ndi mtundu wake wosiyana ndi wa anthu wamba. Wosewera sagona ndi nkhawa yakuti mwina mayi amene wamuonetsa njira masana akamunenera usiku. Koma m'Malawi wa chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka 1993, mphamvu ya boma siidali pa mfuti zokha. Idali pa kusadziwa kuti mwa anthu asanu amene mwakhala nawo pabawo, pamowa kapena m'chipinda cha aphunzitsi, ndani akapereke dzina lanu kwa apayoniya kapena kwa apolisi a Special Branch. Mwambi wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, udasanduka lamulo la moyo wa tsiku ndi tsiku. Makalata ankatsegulidwa, mabuku ankadutsa ku bungwe lowaunika limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo munthu ankatha kutengedwa osauzidwa mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje adagwidwa ku Zomba pa 25 Seputembala, 1987, nakhala ku Mikuyu mpaka Meyi, 1991, osazengedwa mlandu uliwonse. Ngakhale othawa kwawo sankapulumuka. Orton ndi Vera Chirwa adagwidwa kumalire a Zambia mu Disembala, 1981. Attati Mpakati adaphedwa ku Harare m'chaka cha 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adafa pamodzi ndi ambiri a m'banja lake nyumba yawo itaponyeredwa moto ku Lusaka m'chaka cha 1989.

Masewera ena akale, Floor 13, amene adatuluka ku Britain m'chaka cha 1991, adayandikira kwambiri mzimu umenewu. M'menemo wosewera ndiye mkulu wa nthambi yachinsinsi ya boma. Saona bwalo la nkhondo. Amangokhala muofesi, kuwerenga malipoti ndi kusaina: uyu mumutsate, uyu mumusechere nyumba, uyu mumufunse mafunso, uyu mumuchotse. Akachititsa boma manyazi, mathero ake angakhale kuponyedwa pazenera. Ife tikudziwa kuti zenera lotere lidalipo. Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, ndi Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, amene adatsekeretsa anthu ochuluka, adagwidwa iwo eni m'chaka cha 1976. Muwalo adanyongedwa chaka chotsatira, ndipo Gwede adakhala zaka zambiri m'ndende zomwe ankatumizako anzake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Jagged Alliance 2 ilibe kuzama kumeneku. Nkhanza zonse za Arulco zikuoneka ngati zikutuluka m'mtima woipa wa mkazi mmodzi, mlendo m'dzikomo, ngati kuti palibe mfumu ya mudzi, kalaliki, mphunzitsi kapena mnansi amene adadyapo kapena kungokhala chete.

Tsopano tifike pa funso lalikulu: kodi ulamuliro wankhanza umagwa bwanji? Yankho la masewerawa ndi limodzi. Umagwa ndi mfuti, ndipo mfutiyo imabwera ndi mlendo. Makolo athu adatidi mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Njira ya mfuti idayesedwa kuno. Mu Febuluwale, 1965, Henry Masauko Chipembere adalanda boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, koma ulendo wake wopita ku Zomba udathera padooko la Liwonde. Mu Okutobala, 1967, Yatuta Chisiza adalowa ndi kagulu kake cha ku Mwanza, naphedwa. Onsewa adali eni dziko, olimba mtima, ndipo zotsatira zake zidali kuti boma lidaumitsa dzanja pa midzi imene lidaiganizira kuti idawathandiza.

Anthu a ku Mulanje ali ndi umboni wina, woopsa koposa, umene adauona ndi maso. Msewu wodutsa pa Chonde umapitirira pa boma la Mulanje mpaka ku Muloza, ndipo kutsidya kwake ndi Milange, m'dziko la Mozambique. Gulu la Renamo, limene linkati likumenyana ndi ulamuliro wa chipani chimodzi wa Frelimo, lidaleredwa ndi akazitape a boma la azungu la Rhodesia m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira 1980 lidatengedwa ndi asilikali a boma la tsankho la South Africa. Amenewa ndiwo masewera athu aja atachitika pa anthu enieni: akazitape akunja, ndalama zakunja, mapu ogawidwa m'zigawo zoti zilandidwe. Chimene chidatulukamo ndi midzi yopsa, sukulu ndi zipatala zogumuka, ndi mizere ya amayi osenza mitolo akuoloka malire, makamaka kuyambira 1986. Othawa nkhondo amene Malawi adawasunga adapitirira 1 miliyoni, ndipo Mulanje adali limodzi mwa maboma amene adawalandira. Nkhondoyo siidathe ndi kuphedwa kwa mtsogoleri wina aliyense. Idatha ndi pangano losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala, 1992. M'masewera muja, ngakhale umenye nkhondo pakati pa tauni usana ndi usiku, palibe banja limene limamanga katundu n'kuthawa chifukwa cha iwe.

Nanga kuno zidatha bwanji? Zidayamba ndi pepala. Pa 8 Malichi, 1992, kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika idawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse, yonena poyera za umphawi, malipiro ochepa, kumangidwa popanda mlandu ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka ndi kugawidwa m'maparishi akazitape onse aja osaitulukira. Boma lidati kupezeka nayo ndi mlandu, maepiskopi adaitanidwa kupolisi, ndipo pamsonkhano wa akuluakulu a chipani ena adanena zoti aphedwe. Koma mawu a pamsonkhanowo adajambulidwa, natuluka, namveka kunja. Ukazitape udatembenukira eni ake. Ophunzira a ku Chancellor College adaguba. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa, ndipo adamangidwadi. Mu Meyi antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, kunyanyalako kudafalikira, ndipo anthu makumi angapo adaphedwa m'zipolowe zimene zidatsatira. Makalata opanda dzina ankayenda pa makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala, kuchoka m'thumba la uyu kulowa m'thumba la uyo. Pa 14 Juni, 1993, anthu adaima pamizere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adasankha nyali ya zipani zambiri. M'chigawo cha kummwera chiwerengerocho chidaposa 80. Mayi wothyola tiyi amene kwa zaka zambiri ankagula khadi mokakamizidwa adaponya voti yake, ndipo voti imeneyo idalemera chimodzimodzi ndi ya nduna.

Sitikunena kuti alendo sadachitepo kanthu. Maiko opereka thandizo, atakumana ku Paris mu Meyi, 1992, adaimitsa thandizo lonse losakhudza chakudya ndi zachifundo, ndipo ichi chidaluma boma. Mawailesi akunja ankaulutsa zimene wailesi ya kuno inkabisa. Zambia idali itasintha kale boma ndi voti m'chaka cha 1991. Sitikunenanso kuti mfuti siidalire, pakuti mu Disembala, 1993, asilikali a dziko lino adalanda zida za apayoniya pa ntchito imene idatchedwa Bwezani, ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Koma mlendo adangonola kalumo. Ometa adali eni mutu. Ndipo asilikali aja sadali aganyu, komanso atatha ntchitoyo adabwerera kumalo awo osalanda boma.

Wina anganene kuti tikuwasenzetsa masewera katundu amene si wawo, pakuti adapangidwa kuti asangalatse ogula, osati kuti aphunzitse mbiri. Mawuwa ali ndi mbali yoona, ndipo palibe amene angaletse mnyamata kapena mtsikana kusangalala ndi luso limene tayamikira lija. Koma buku limanena maganizo ake ndi mawu, pamene masewera amanena maganizo awo ndi malamulo. Chimene malamulo salola, wosewera sachiyesa, ndipo akakhala maola makumimakumi m'dziko lotero amazolowera kuti njira ndi yomweyo. Mu Jagged Alliance 2 muli mitundu yambirimbiri ya mfuti, iliyonse ndi kulemera kwake ndi mtunda umene imafika, koma mulibe batani lolembera kalata yoti iwerengedwe m'tchalitchi, mulibe loitanira antchito a mumgodi kuti anyanyale, mulibe la voti. Ngakhale masewera otsatira ake, Jagged Alliance 3, amene adatuluka m'chaka cha 2023, adasamutsira nkhani kudziko lina longopeka lofanana ndi maiko a mu Afirika, ndipo kumenekonso odzakonza zinthu ndi aganyu olipidwa ndi migodi ya diamondi.

Mathero a nkhani ndiwo amaulula kwambiri maganizo a wolemba. Masewerawa amafika pachimake Deidranna akaphedwa, ndipo nthawi yomweyo amatha: anthu akondwera, aganyu ayamikiridwa, alendo abwerera kwawo. Za amene adzaweruze asilikali a mfumukazi, za amene adzalipire amasiye, za mwini migodi kuyambira tsiku limenelo, sitiuzidwa. Kuno Dr. Banda sadaphedwe. Adagonja pachisankho cha pa 17 Meyi, 1994, navomera pawailesi zotsatira zonse zisanalengezedwe. M'chaka cha 1995 adazengedwa mlandu wa imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene adaphedwa ku Mwanza mu Meyi, 1983, boma n'kunena kuti idali ngozi ya galimoto. Bwalo lidamupeza wosalakwa, ndipo mabanja a anthu anayiwo adatsala ndi funso lawo. Adamwalira ku Johannesburg mu Novembala, 1997, naikidwa mwaulemu wa boma ku Lilongwe. Bungwe limene malamulo atsopano adakhazikitsa kuti lipepese ozunzidwa lidatsekedwa ambiri a iwo asanalandire zimene ankayembekeza.

Ndende ya Tixa, wosewera akangoilanda, imasanduka kabokosi kamodzi pa mapu kamene sayenera kukaganiziranso. Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene boma la chipani chimodzi linkasungira andende a ndale, sadatsekedwe n'kuiwalika chotero. M'chaka cha 1994 malowo adasandutsidwa msasa wa othawa kwawo, ndipo ambiri mwa anthu amene alandiridwa kumeneko ndi ochokera ku Rwanda, ku Burundi ndi kummawa kwa Congo, kumene magulu a mfuti akhala akulimbirana migodi kwa zaka pafupifupi 30.